Malo Olasa Gwape ndi Mfuti Yaing'ono

Anthu ambiri amayesa kuti ulenje uli m'mfuti. Amaganiza kuti munthu akangokhala ndi mfuti yaikulu, yolira ngati mphenzi, ndiye kuti ndiwo zapezeka kale. Koma ife amene tidabadwira pakati pa mapiri a Dowa ndi Ntchisi tidamva zina kwa akuluakulu athu. Iwo ankati ulenje uli m'maso, m'kudekha, ndiponso m'kudziwa za m'kati mwa nyama. Chotero ndapempha malo m'magazini yathu ino kuti ndifotokozere anzanga zimene ndidaphunzira kwa agogo anga aamuna, amene pa unyamata wawo adali mlenje, ndipo ndiziphatikiza ndi zimene aphunzitsi atiphunzitsa m'kalasi. Sindikulemba kuti wina wa inu akanyamule mfuti, iyayi, ndipo chifukwa chake muchiona tisanalekane.

Poyamba ndinene za dziko lathu, pakuti ena mwa inu mudachokera ku Chigwa cha Shire ndi kunyanja, ndipo simudaliponde. Kwathu ndi dziko la zitunda ndi zigwembe, la misuku ndi miombo, kumene munthu amati akakwera mtunda uwu apeza wina ukumudikira patsogolo. Pamwamba pa phiri la Ntchisi pali nkhalango yowirira, yobiriwira chaka chonse, m'mene makolo athu Achewa ankabisala pa nkhondo za Angoni zaka za m'ma 1800. Boma lidaika nkhalango imeneyi pa chitetezo m'chaka cha 1924. Kumwera kwake kuli mapiri a Dowa, monga Kongwe ndi Mvera, ndipo ku Mvera n'kumene amishoni a Dutch Reformed Church adamanga m'chaka cha 1889, m'dziko la mfumu Chiwere. Agogo mpaka lero akafuna kunena za ku boma la Ntchisi amati "ku Visanza," ndilo dzina lakale la malowo.

M'mapiri amenewa nyama zimene alenje ankazifuna kwambiri zidali gwape, mbawala ndi nguluwe. M'mabuku a Chingerezi timawerenga za nyama yotchedwa deer, ndipo ana a sukulu ambiri amayesa kuti ndiye gwape wathu. Si choncho ayi. Nyama imeneyo kuno kulibe. Nyanga zake zimakhala ndi nthambi ndipo zimathothoka chaka ndi chaka, pamene nyanga za gwape ndi mbawala zilibe nthambi ndipo sizithothoka moyo wonse. Gwape ndi kanyama kakang'ono, kolemera makilogalamu 12 kufikira 25, ndipo msinkhu wake paphewa ndi theka la mita kapena kupitirirapo pang'ono. Mbawala ndi yaikulupo. Yamphongo yokhwima imatha kupitirira makilogalamu 50, ndipo ikaopsedwa imauwa ngati galu.

Mfuti ya agogo idali yaing'ono, ya mtundu wa .22, imene anthu amangoti tutu. Atate awo a agogowo adali ndi gogodera, mfuti yothira wonga kukamwa ndi kutsendera ndi chitsulo, koma agogo atabwerako kuntchito kunja adagula tutu nalembetsa ku boma. Tsono tamvani kuchepa kwake. Chipolopolo cha tutu n'chonenepa mamilimita 5.6, ndipo kulemera kwake ndi magalamu 2.6 okha, chimatuluka pa liwiro la mamita ngati 350 pa sekondi imodzi. Cha mfuti ya .303, imene asilikali a K.A.R. adamenyera nkhondo ziwiri zazikulu zija, chimalemera magalamu 11 ndi pang'ono, ndipo chimathamanga mamita oposa 700 pa sekondi. Aphunzitsi athu a Fizikisi adatiuza kuti mphamvu ya chinthu choyenda timaipeza potenga theka la kulemera kwake ndi kuchulukitsa ndi liwiro kawiri. Ine ndidakhala pansi ndi kuwerengera, ndipo ndidapeza kuti chipolopolo cha .303 chimaposa cha tutu pafupifupi ka 20. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Mfuti yaikulu nthawi zina imabisa kulephera kwa mwini wake, pakuti imaswa fupa ndi kuboola nyama mbali zonse ziwiri. Mfuti yaing'ono siibisira munthu kanthu. Ikalasa malo oyenera imapha, koma ikaphonya malowo ndi zala zitatu zokha imangovulaza.

Malo oyenerawo ndidawaphunzira popanda mfuti. Pa tchuthi cha Khirisimasi, ndili mu Sitandade 8, amalume adapha mbuzi, ndipo atayamba kusenda agogo adandiitana.

"Bwera kuno, mdzukulu. Tandiuza, mtima wa mbuzi iyi uli pati?"

Ine ndidaloza pakati penipeni pa thupi, monga aliyense akadalozera.

"Pamenepo m'pa chifu," adatero agogo. "Dikira uone wekha."

Amalume atatumbula, agogo adandigwira dzanja nalilowetsa m'chifuwa cha mbuziyo. Ndidaona kuti mtima uli pansi ndithu, pakati pa miyendo iwiri yakutsogolo, ndipo mapapo ali pamwamba pake, mbali ino ndi mbali inayo. Kumbuyo kwa mapapo kudali mnofu wopyapyala wotchinga ngati nsalu, ndipo kuseri kwa mnofuwo kudali chiwindi ndi chifu. Chimene chidandidabwitsa ndi kukula kwa chifucho. Mbuzi, gwape ndi mbawala ndi nyama zobzikula, za chifu cha zigawo zinayi, ndipo chifu ndi matumbo zimadzaza mbali yaikulu ya thupi. Chotero munthu wolozetsa mfuti pakati pa nyama, poganiza kuti mpamene pali potakasuka, amalasa udzu umene nyamayo idadya m'mawa.

"Gwape ndi mbuzi ya m'tchire," adatero agogo. "Ukadziwa iyi wadziwanso iyo."

Pambuyo pake adatenga khala najambula gwape pakhoma la khitchini, nandionetsa lamulo lawo loyamba. Nyama ikaima cham'mbali, mlenje atsate mwendo wakutsogolo ndi maso, kukwera nawo kufikira pa thupi; ndipo agawe thupilo patatu kuchokera pansi pa chifuwa kufikira pamsana. Malo ake ali pamene pathera gawo loyamba la pansi. Pamenepo chipolopolo chimapeza pamwamba pa mtima, pamene pachokera mitsempha ikuluikulu, ndiponso mapapo onse awiri. Koma popeza tutu ilibe mphamvu yoswa fupa lochindikala la phewa, agogo ankadikira kuti nyamayo iponye mwendo wa mbali yawo kutsogolo, kuti nthiti zionekere, ndipo ankalasa m'khwapa mwenimweni. Pa gwape malo amenewa sakula kuposa chikhatho cha munthu.

Ndidawafunsa kuti, "Nanga agogo, bwanji osangolasa m'mutu kuti igwe pomwepo?"

Iwo adaseka pang'ono, nati, "Mutu ndi wa anthu odzitama. Bongo wa gwape ndi wochepa, ndipo mutu sukhala malo amodzi. Pamene iwe ukukoka chala, iye watembenuka kale kuti amve kumene kwathyoka kamtengo. Ukaphonya bongo uswa chibwano, ndipo nyama yosweka chibwano imathamanga bwinobwino, koma singadye, singamwe." Za khosi adanenanso chimodzimodzi: fupa la m'khosi n'lopyapyala ngati chala, ndipo kulizungulira kuli mnofu wokhawokha.

Lamulo lachiwiri lidali lakuti mlenje asayang'ane polowera chipolopolo pokha, koma aganize za njira imene chidzayende m'kati. Nyama ikaima mopendeka, mutu uli kutali ndi iwe ndipo mbuyo ili chakuno, uyenera kulasa chakumbuyo pang'ono m'nthiti, molunjika mwendo wakutsogolo wa tsidya linalo, kuti chipolopolo chidutse pakati pa chifuwa. Ikapendekera kwa iwe, fupa la phewa limatchinga mtima ngati chishango, ndipo wa mfuti yaing'ono ayenera kudikira. Ikakuyang'ana maso ndi maso, chifuwa chimaoneka chopapatiza, ndipo kuphonya pang'ono kumangothyola mwendo. Ikakufulatira, kapena ikamathamanga, palibenso nkhani; mlenje atsitse mfuti.

Lamulo lachitatu ndi la dziko lathu la mapiri. Kawirikawiri kwathu munthu saima pamalo ofanana ndi nyama: mwina iye ali pamwamba pa thanthwe ndipo nyama ili m'chigwembe, mwina nyama ndiyo ili kumtunda. Ukakhala pamwamba, chipolopolo chimayenda chotsika m'thupi, tsono chiyenera kulowera m'mwamba pang'ono kuti chipeze mtima; ukakhala m'munsi chiyenera kulowera m'munsi. Koma chimene agogo ankachinena mokweza mawu ndi ichi: nyama yoima pamwamba pa chitunda, kumbuyo kwake kukuoneka thambo lokha, siilasidwa. Chipolopolo cha tutu, ngakhale n'chochepa chotero, chimatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka, ndipo kuseri kwa chitunda chilichonse cha kwathu kuli mudzi, kapena munda, kapena mwana woweta mbuzi. Mlenje ayenera kuona dothi kumbuyo kwa nyama asanakoke chala.

Lamulo lachinayi lidali la mtunda. Agogo sankalasa nyama yotalikira kuposa mapazi 40 oponda munthu wamkulu. Chifukwa chake n'chakuti chipolopolo chopepuka chimataya liwiro msanga ndipo chimagwa. Mfuti ya tutu yokonzedwa kuti ilase bwino pa mamita 50, ikafika pa mamita 100 chipolopolo chake chimakhala chitatsika masentimita oposa 10, ndipo mphepo ya mwera imachikankhiranso kumbali. Ngakhale udzu kapena kanthambi kamene sukukaona kangathe kuchipatutsa. Tsono ntchito yeniyeni ya mlenje idali kuyandikira: kuyenda mphepo ikuomba kumaso, kuponda mwakachetechete, kuima pamene nyama yadzutsa mutu, ndi kutsamiritsa mfuti pamtengo kapena pachulu. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Agogo amati masiku amene adabwerera kumudzi osaomba adali ochuluka kuposa amene adaomba, ndipo sachita nawo manyazi.

Ngakhale mfuti italira, ntchito idali isanathe. Nyama yolasidwa pamtima kawirikawiri siigwa pomwepo. Imadumpha ndi kuthamanga kamtunda pang'ono isanagwe. Yolasidwa m'mimba imapinda msana ndi kuchoka mozyolika. Mlenje ankapita pamene nyama idaima ndi kuwerenga magazi. Magazi ofiira owala, a thovu, ndi a m'mapapo, ndipo nyamayo siili kutali. Magazi akuda amaonetsa chiwindi. Madzi obiriwira osanganikira ndi udzu, onunkha, amaonetsa chifu, ndipo imeneyo ndiyo mbiri yoipa, pakuti nyamayo ingathe kukhala ndi moyo maola ambiri ili m'zowawa. Vuto lina la tutu n'lakuti bala lake n'laling'ono, ndipo nthawi zambiri chipolopolo sichitulukira mbali inayo, tsono magazi amatayikira m'kati ndipo pansi pamangooneka timadontho. Agogo ankayamba akhala pansi kanthawi asanalondole, chifukwa nyama yovulala ikapanda kuthamangitsidwa imagona pafupi, koma ikamva mapazi imadzuka ndi kupita kutali. Ndipo lamulo lawo lomaliza lidali lakuti nyama imene walasa ndi ngongole yako: suibwerera kumudzi usanaipeze, ngakhale kutacha kawiri.

Chifukwa cha zonsezi, agogo sadalozetsepo tutu pa mbawala kapena pa nguluwe. Ankati nyama zimenezo zaposa msinkhu wa mfutiyo. Mbawala yamphongo yovulala imabisala m'zitsamba, ndipo imatha kutumbula galu kapena munthu ndi nyanga zake zakuthwa. Nditawerenga m'laibulale ndidapeza kuti maiko ena adaika nzeru yomweyi m'malamulo. Ku England ndi Wales, lamulo la chaka cha 1991 limaletsa kupha nyama zija za deer ndi mfuti yochepera .240, ndipo ngakhale pamene adalifewetsa m'chaka cha 2007 chifukwa cha mitundu iwiri ing'onoing'ono, tutu ya mtundu wa agogo sadailole. Agogo sadapiteko ku England, koma iwo ndi opanga malamulo a kumeneko adaona chinthu chimodzi.

Wina anganene kuti, nanga suja kudali mzungu amene ankapha njovu ndi mfuti yaing'ono? N'zoona. Walter Bell wa ku Scotland, amene adatchuka ndi dzina lakuti Karamojo chifukwa cha dera la ku Uganda kumene ankasaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, adapha njovu zoposa 1,000, zambiri mwa izo ndi mfuti ya .275. Koma tisaiwale zinthu ziwiri. Choyamba, mfuti imeneyo idali yaing'ono poyerekeza ndi njovu chabe. Mphamvu zake zidali zofanana ndi za mfuti ya asilikali, osati za tutu. Chachiwiri, munthuyo ankacheka zigaza za njovu ndi sowo kuti adziwe pamene pali bongo, monga momwe agogo adandilowetsera dzanja m'chifuwa cha mbuzi. Ndipo ndikaganiza za njovu 1,000 zophedwa ndi munthu mmodzi chifukwa cha minyanga, ndimaona kuti luso lopanda malire nalonso limasakaza dziko.

Tsono ndinene chimene ndidaona ndi maso anga, chimene chandichititsa kulemba nkhani ino. Chaka chatha, pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, ndidapita kudimba m'mamawa ndi mlongo wanga kukathirira mpiru. Pafupi ndi chitsime tidapeza gwape wamkazi ataima, mutu uli pamadzi. Tidadabwa kuti sadathawe. Titayandikira tidaona kuti chibwano chake cham'munsi chidali chosweka, chikulendewera, ndipo ntchentche zidali zitadzaza pabalapo. Ankaviika kukamwa m'madzi koma sankatha kumeza. Nthiti zake zidali kuwerengeka. Usiku wina, masiku anayi kapena asanu m'mbuyomo, anthu a m'mudzi adamva kulira kwa mfuti chakuphiri. Amene adaomba sitimudziwa, koma zidaoneka kuti adamuunika ndi tochi nalozetsa pakati pa maso owalawo.

Mlongo wanga adathamanga kukaitana agogo ndi a mfumu. Agogo adafika ndi ndodo yawo, nayang'ana nyamayo nthawi yaitali osanena kanthu. Kenaka adauza amalume kuti aithetse msanga masautso ake, ndipo a mfumu adati akadziwitsa alangizi a zankhalango. Pobwerera kumudzi agogo adandifunsa kuti, "Waona mawere ake?" Ndidati ndawaona, adali odzaza. "Ndiye kuti chipolopolo chimodzi chapha awiri," adatero. "Kwinakwake m'udzu muli kamwana kamene kakudikira." Tidakafunafuna madzulo amenewo ndi m'mawa mwake, koma sitidakapeze.

Munthu amene adaomba uja adaphwanya malamulo a agogo, ndipo adaphwanyanso malamulo a dziko. Lamulo loteteza nyama zakutchire la chaka cha 1992 limaletsa kusaka nyama zotetezedwa popanda chiphaso, limaletsa kusaka usiku, kusaka ndi moto, ndiponso kupha nyama yoyamwitsa kapena mwana wake. M'chaka cha 2017 lamuloli lidakhwimitsidwa, kotero kuti pa milandu ikuluikulu, monga ya njovu ndi chipembere, munthu angathe kukhala m'ndende zaka zofika 30. M'nkhalango zotetezedwa monga ya Ntchisi ndi ya Kongwe munthu saloledwa kulowamo ndi kusaka mwa kufuna kwake, ndipo kusunga mfuti popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu pawokha.

Agogo adapereka mfuti yawo kupolisi ine ndisanabadwe. Amati zifukwa zidali ziwiri. Maso awo adayamba kuchita nkhungu, ndipo munthu amene saonanso malo a chikhatho chimodzi pa mapazi 40 alibe chifukwa chogwirira tutu. Chinanso, nyama zidali kutha. Pamene iwo ankasaka pa unyamata wawo, lero pali minda ya fodya, ya soya ndi ya chimanga mpaka pamwamba pa zitunda. Mitengo idapita ku zigafa ndi ku makala, ndipo agwape otsala akutha ndi makhwekhwe a waya, amene sasankha yaimuna kapena yaikazi. Amalume ankafuna kuti mfutiyo ikhale ya pabanja, ndipo nkhaniyo idavuta ndithu, koma agogo adakana. Adati kusiyira ana mfuti m'dziko lopanda nyama n'kuwasiyira mlandu.

Komabe sikuti zonse zatayika. Kumpoto chakum'mawa kwa boma lathu kuli nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, imene idatsala pang'ono kutheratu nyama chifukwa cha opha mozemba. Kuyambira m'chaka cha 2015 boma likuiyendetsa pamodzi ndi bungwe la African Parks, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 adasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pamodzi ndi nyama zina zambiri. Pa ntchito yotere njovu zimagonetsedwa ndi jekeseni woombedwa ndi mfuti yapadera, ndipo dokotala woombayo ayenera kudziwa pamene pali mnofu wochindikala ndi pamene pali fupa. Nzeru yake ndi yomwe ija ya kudziwa za m'kati mwa nyama, koma tsopano ikugwira ntchito yopulumutsa. Ine ndikalemba mayeso a Fomu 4 ndikufuna kuphunzira za udokotala wa nyama, ndipo agogo nditawauza adati, "Ndiye kuti mbuzi ija siidafe chabe."

Anzanga, makamaka inu a ku Mponela, ku Mvera, ku Madisi, ku Malomo ndi kwa Nthondo, m'midzi mwathu mukadali nkhalamba zimene zidayenda m'tchire nyama zikadalipo. Mukapita ku tchuthi khalani nazo pansi ndi kuzifunsa, pakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo zimene zikudziwa sizidalembedwe m'buku lililonse la m'laibulale yathu. Mudzapeza kuti mlenje weniweni sankatamidwa chifukwa cha kuchuluka kwa nyama zimene adapha, koma chifukwa chakuti sankasiya nyama yovulala m'tchire, ndiponso ankadziwa nthawi yotsitsa mfuti. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi nthawi imeneyo idakwana kale. Tikafuna kuti adzukulu athu adzaone gwape akudumpha m'mphepete mwa munda, osati pa chithunzi chokha, tiyeni tiuze abale athu otchera makhwekhwe ndi oyenda ndi tochi usiku kuti aleke.

Wophunzira wa Fomu 3